Kuyenda m'mbali mwa Clyde m'nyengo yachisanu: ndipite kapena ndikhale?

Funso: "Ndinabwera ku Glasgow, ku Scotland, chaka chatha kudzagwira ntchito yaunamwino, kwathu ndi ku Chilomoni. Kuntchito kwathu amata chikalata choitanira anthu ku maulendo oyenda pansi m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, Loweruka lililonse kuyambira Disembala mpaka Febuluwale. Akuti pamakhala wotsogolera wofotokoza mbiri ya malo ndi zachilengedwe. Anzanga akundikakamiza koma ine ndikuona ngati n'kudzizunza chabe. Mitengo yonse yayoyola, kunja kumada 4 koloko isanakwane, ndiye munthu akaonako chiyani? Nanga nditati ndipite, ndivale chiyani kuti ndisakadwale?"

Achemwali, pitani. Ndayamba ndi yankho kuti mukatopa nane pakati panjira mukhale mutalimva kale. Ndayenda ndi magulu m'mbali mwa mtsinje umenewu zaka zingapo, padzuwa ndi pachisanu pomwe, ndipo mutati ndisankhe mwezi umodzi wokha wokuonetsani Clyde, ndingatenge Januwale n'kusiya Julayi. Kuyoyola kwa mitengo kumene mukudandaula nakoko ndiko kumathandiza. M'miyezi yotentha masamba amaphimba zonse. Mumayenda m'kanjira kobiriwira, mtsinje mukungoumva mkokomo, makoma akale ali pamphuno panu koma osawaona. Masamba akagwa zimakhala ngati kwathu tchire likapsa mu Seputembala, pamene mabwinja, miyala ndi mauna a mbewa zonse zimakhala poyera. Kuwonjezera apo, ino ndi nyengo imene mtsinje umadzaza. Midzi yambiri ya m'mbali mwa Clyde inamangidwa chifukwa cha mphamvu ya madzi, ndiye munthu woona mtsinjewu utaphwera sangamvetse chimene anthu ankaulimbirana.

Clyde ndi wautali makilomita pafupifupi 170, ndipo njira ya oyenda pansi yotchedwa Clyde Walkway imautsata kwa makilomita 65 kapena kuyandikira pamenepo, kuchokera mu Glasgow kukafika ku New Lanark. Musachite mantha, palibe gulu la Loweruka limene lingakuyendetseni yonseyo. Amadula zigawozigawo.

Poti mwati kwanu ndi ku Chilomoni, funsani okonza maulendowo kuti ndi Loweruka liti adzayende chigawo cha Blantyre, ndipo tsiku limenelo musaliphonye ngakhale kutacha ndi mvumbi. Ee, Blantyre. Mukakwera sitima pa Glasgow Central, pakatha mphindi 20 kapena kuposerapo pang'ono mumva akulengeza dzina la kwanu, ngakhale eni ake amalitchula ngati theka lake alimeza. Tsiku langa loyamba ndinaseka ndekha m'sitima mpaka gogo wina anandiyang'ana modabwa. Ndi katauni kakang'ono, kopanda Ndirande kapena Soche kumbuyo kwake, koma n'kumene kunachokera dzina lija amishoni a Church of Scotland anapatsa malo amene anakhazikapo mishoni yawo mu 1876, pokumbukira David Livingstone yemwe anabadwira kuno pa 19 Malichi 1813.

Mukatsika sitima mumatsetsereka ndi msewu wolunjika kumtsinje. Kumapeto kwake kuli nyumba yaitali yosanja, yoyera ngati yopaka laimu, dzina lake Shuttle Row, mmene Livingstone anabadwiramo. Munkakhala mabanja 24, banja lililonse chipinda chimodzi. Momwemo kuphikira, momwemo kudyera, momwemo kugona makolo ndi ana. Onsewo anali antchito a fakitale yopota ulusi wathonje imene David Dale anayambitsa mu 1785, ndipo anasankha malowa chifukwa cha madzi omwewa. Nyumba zambiri za fakitaleyo zinagwetsedwa kalekale, koma chipupa chimene anatchinga nacho mtsinje kuti madzi apatukire m'ngalande yopita ku magudumu chikadalipo. Mu Januwale madzi amasefukira pamwamba pake ali bii ngati tiyi wopanda mkaka, phokoso lake loti wotsogolera amachita kukuwa kuti amveke.

Pamenepo ndi pamene ndimaimitsa gulu langa, ndipo ndimachita dala kulichedwetsa mpaka zala zitayamba kuuma. Kenako ndimawauza kuti Livingstone analowa ntchito m'fakitaleyi ali ndi zaka 10. Ntchito yake inali yolumikiza ulusi ukaduka pamakina, kuthamanga uku ndi uku, nthawi zina kukwawa pansi pa zitsulo zikuzungulira. Ankayamba 6 koloko m'mawa n'kuweruka 8 koloko usiku, kenako kukakhala m'kalasi maola awiri. Tsono yang'anani kumwamba. Chakumapeto kwa Disembala dzuwa kuno limatuluka cha m'ma 8:45 n'kulowa cha m'ma 3:45. Ndiye kuti miyezi ingapo pachaka mwanayo ankalowa kuli mdima, kutuluka kuli mdima, dzuwa kulionera pawindo basi. M'katimo munkakhala motentha ndi mwachinyontho kuti ulusi usamaduke, ndipo potuluka thukuta lili thupi lonse ankakumana ndi mphepo yomweyi ikukubayani m'makutuyi. Nkhani imeneyi mukaimva mu Julayi mukudya ayisikilimu pakapinga, imangodutsa. Mukaimva mano akugundana, imakhala.

Apa ndi pamenenso mungayesere wotsogolera wanu ngati ali wodziwa ntchito. Mufunseni funso limodzi lokha: thonjelo linkachokera kuti? Ku Scotland sikumera thonje. Lambiri linkabwera pa zombo kuchokera ku zilumba za Caribbean ndi kummwera kwa United States, kumene ankalima ndi akapolo ochokera ku Africa. Ndiye kuti munthu amene tinaphunzira kusukulu kuti anadana ndi malonda a akapolo anakula ndi ndalama za thonje lothyoledwa ndi akapolo. Sindikunena izi kuti ndimunyoze, anali mwana wa amphawi wosasankha ntchito. Koma wotsogolera wolumpha mfundo imeneyi wakupatsani nsima yopanda ndiwo. Chimodzimodzi amene amakamba za Livingstone ngati ankayenda yekha m'tchire. Anafika ku Shire ndi kunyanja yathu mu 1859 akuperekezedwa, kulozeredwa njira ndi kudyetsedwa ndi anthu akuda. Atamwalira kwa Chitambo, m'dziko limene lero ndi Zambia, mu Meyi 1873, mtima wake anaukwirira pansi pa mtengo, ndipo anali Susi, Chuma, Jacob Wainwright ndi anzawo amene ananyamula mtembowo mtunda woposa makilomita 1,500 kukafika ku Bagamoyo, kugombe la nyanja yamchere ku Tanzania, ulendo wa miyezi pafupifupi 9. Chuma anali Myao, anaomboledwa m'manja mwa ogwira akapolo mu 1861 akadali kamnyamata, kumapiri a kwathu komwe kuja. Nyumba ya Shuttle Row inasanduka myuziyamu mu 1929, ndipo ataikonzanso n'kuitsegula mu 2021 anthu amenewa anapatsidwa malo okulirapo kusiyana ndi kale. Muyambe mwaona masiku otsegulira musananyamuke, chifukwa m'nyengo yozizira malo ambiri otere amafupikitsa maola.

Panja pali chiboliboli chachikulu cha mkango ukumbwandira Livingstone, kukumbutsa zimene zinamuchitikira ku Mabotsa, m'dziko limene lero ndi South Africa, mu 1844 pamene mkango unamuphwanya mkono. Aliyense amajambulitsa pamenepo. Jambulitsani nanunso, a kumudzi akaone.

Mukawoloka kamlatho ka oyenda pansi mumafika tsidya la Bothwell, n'kutsata madzi kulowera kumunsi m'nkhalango ya mitengo ikuluikulu. Njira yake ndi yamatope, ina yokwera ina yotsika, koma si yoopsa. Mukayenda kanthawi, mwadzidzidzi pamwamba pa phompho pamatulukira linga la Bothwell Castle, lomangidwa ndi miyala yofiirira m'zaka za m'ma 1200 ndi banja la de Moravia. Mu 1301 mfumu Edward I ya ku England inalizinga ndi asilikali masauzande angapo, n'kukokera nsanja yaitali yamatabwa mpaka pakhoma kuti ankhondo alumphire m'kati. Dzuwa la m'chisanu silikwera pamutu, limayenda chapansipansi ngati la m'ma 5 koloko madzulo kwathu, ndiye likawomba makoma amenewo amayaka ngati njerwa zongotuluka mu uvuni. Tsidya linalo, moyang'anizana ndi lingalo, kuli timabwinja ta nyumba ya ansembe yotchedwa Blantyre Priory. Timabwinjato tatsala pang'ono kutheratu, ndipo masamba akaphuka simungationenso.

Zina wotsogolera amangoloza ndi chala chifukwa zili patali ndi njirayi. Chakumtunda kuli mlatho wa Bothwell Bridge, pamene pa 22 Juni 1679 asilikali a boma anagonjetsa Apresibeteriyani okana kuti mfumu izilamulira mpingo. Ngati ndinu a CCAP, imeneyo ndi mbiri ya makolo a mpingo wanu. Ndipo kumtunda kwa tauniyi, ku High Blantyre, mgodi wa malasha unaphulika pa 22 Okutobala 1877 n'kupha amuna ndi anyamata oposa 200. Palibe ngozi ina ya mumgodi imene inapha anthu ambiri chotero mu Scotland. Panali patangotha chaka chimodzi dzina la Blantyre litafika kwathu.

Za nyama ndi mbalame ndikuuzeni zoona, musayembekezere za ku Liwonde. Kulibe mvuu, kulibe ng'ona, ndipo mukhoza kuyenda mphindi 30 osaona chamoyo china kupatula khwangwala ndi galu wa munthu. Zakuno zimafuna kuima chilili n'kukhala chete, chinthu chimene magulu athu achimalawi chimativuta ndithu.

Mbalame imene ndimafuna aliyense aione ndi kakang'ono kotchedwa dipper. Ndi kabulauni, konenepa, kachidali koyera mbee ngati kavala malaya a kwaya. Kamatera pamwala pakati pa madzi othamanga n'kumanjanja, kugwada n'kudzuka, kugwada n'kudzuka. Mukamati muone bwino, kalowa m'madzi ozizira aja n'kusowa. Kamayenda pansi pa mtsinje kakutembenuza timiyala kufuna tizilombo, kenako n'kutumphukira pamwala wina nthenga zili gwaa, ngati sikananyowe. Kamaimbanso m'kati mwenimweni mwa chisanu pamene mbalame zambiri zili duu. Kumene kali, dziwani kuti madziwo ndi abwino, chifukwa tizilombo timene kamadya sitikhala m'madzi oipa. Pa Clyde imeneyo ndi nkhani yaikulu. Mafakitale, migodi ndi zimbudzi za m'mizinda zinaipitsa mtsinjewu mpaka nsomba ya salmon inasowa kwa zaka zoposa 100, n'kudzayamba kuonekanso chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 madzi atayeretsedwa. Nsomba imeneyi khalidwe lake ndi la mpasa, ija imachoka m'nyanja n'kukwera Bua kukaswana. Kusiyana kwake n'kwakuti iyi imachokera m'nyanja yamchere. Pachipupa cha pa Blantyre anaikonzera podutsira pake. Koma nthawi yabwino yoiona ikulumpha ndi Okutobala ndi Novembala, ndiye mu Januwale musaidikire.

Katumbu aliko, koma kawirikawiri mumangoona mapazi ake m'matope kapena ndowe zake zamambamamba pamwala. Ine m'zaka zonsezi ndamuona ndi maso kangapo kokha, nthawi zonse ndili ndekha. Mbalame yodya nsomba ya kingfisher imadutsa ngati kamphezi kabuluu pamwamba pa madzi, ndipo imaoneka msanga pamene nthambi zili zopanda masamba. M'zitsamba za zipatso zofiira mumadzaza mbalame za redwing ndi fieldfare, zothawa chisanu choopsa cha ku Scandinavia. Kwa izo kuno n'kofunda. Ku dambo la Baron's Haugh pafupi ndi Motherwell kumatera mbalame zikuluzikulu zoyera za whooper swan zochokera ku Iceland. Anamzeze okha ndiwo simuwapeza. Anathawira kummwera kwa Africa, kumene ino ndi nyengo ya dzinja ndi ngumbi, ndipo adzabwerera mu Epulo. Chakumapeto kwa Januwale timaluwa toyera ta snowdrop timayamba kuboola nthaka, nthawi zina chisanu chili pomwepo.

Ngati gululo lidzapite ku New Lanark, ndiye mwapeza zonse ziwiri, mbiri ndi zachilengedwe, tsiku limodzi. Mudzi umenewu anauyambitsanso David Dale yemweyo m'zaka za m'ma 1780, ndipo kuyambira mu 1800 unkayendetsedwa ndi mkamwini wake Robert Owen, amene anachepetsa kugwiritsa ntchito ana aang'ono n'kutsegula mu 1816 sukulu yolandira ngakhale timakanda tongoyamba kuyenda. Makina anasiya kulira mu 1968, ndipo mu 2001 bungwe la UNESCO linauika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse. Nyumba zake zikadali chiimire, ngalande ikuyendabe madzi. Kuchokera pamenepo mumakwera ndi mtsinje kukaona mathithi. Aakulu ndi a Corra Linn, otalika mamita oposa 25. Koma pali kachinsinsi. Kuyambira mu 1927 madzi ambiri amapatutsidwa kukapanga magetsi, monga zimachitikira pa Nkula ndi pa Tedzani, ndiye m'miyezi youma mathithiwo amangodontha. Mvula ya m'chisanu ikagwa masiku angapo motsatizana, mapaipi amalephera kumeza onse, ndipo chigwa chonse chimanjenjemera. Kumeneko masitepe ndi ambiri, komanso panjira ina anayala matabwa amene amaterera ngati therere kukachita chisanu.

Matabwa amenewo ndi amene anandiphunzitsa kuvala. Chaka changa choyamba ndinapita nditavala jinzi, nsapato zothamangira ndi jekete lokongola lachikopa limene ndinkanyadira nalo kutchalitchi. Kunali kamvula kaja kosaoneka, kofanana ndi chiperoni cha ku Thyolo, koti umati sindinyowa koma pakatha ola limodzi wanyowa mpaka m'mafupa. Jinzi inamwa madzi n'kundimata m'miyendo, kenako ndinaterereka n'kukhala pansi pamaso pa gulu lonse. Chakundipweteka sichinali kugwako ayi. Chinali chakuti pobwerera ndinalephera kutulutsa tikiti m'thumba, zala zitakana kupinda, mpaka mayi wina wosamudziwa anachita kunditulutsira.

Ndiye mverani. Kuzizira kwa kuno nthawi zambiri sikutsika kwambiri pansi pa ziro, chimene chimagwetsa munthu ndi chinyezi chophatikizana ndi mphepo. Pakhungu musaike chovala chathonje, chifukwa chikanyowa ndi thukuta sichiuma ndipo chimakuberani kutentha. Valani chopyapyala chaubweya kapena cha nsalu zija amavala othamanga, pamwamba pake juzi, kunja jekete losalowa madzi lokhala ndi chophimba kumutu. Zitatu zopyapyala zimaposa chimodzi chochindikala, poti mukafunda pokwera mtunda mumavula chimodzi n'kuika m'chikwama. Jinzi isiyeni kunyumba. Kumapazi nsapato zokhala ndi mano pansi, zosalowa madzi, ndi sokosi zaubweya, zina zapadera m'chikwama mutazikulunga m'jumbo. Chipewa chophimba makutu ndi magolovesi musaiwale. Ambulera ndi yongovutika nayo, mphepo imaitembenuza. Ndipo musawononge malipiro a mwezi m'mashopu odula. M'mashopu a kaunjika a kuno, aja amagulitsa pothandiza mabungwe achifundo, mumapezeka majekete abwino pamtengo wa chakudya chamasana.

M'chikwama mukhale fulasiki ya tiyi wa shuga, mtedza kapena buledi, ndi katochi. Foni muiike m'thumba lam'kati pafupi ndi thupi, chifukwa batire limatha msanga likazizidwa. Inu monga namwino zizindikiro za munthu amene thupi lazizira mopitirira mukuzidziwa kuposa ine, kunjenjemera kosaleka, kulankhula mokoka lilime, kupunthwa pena paliponse. Chovuta n'chakuti mwini wake sadzizindikira, ndiye muziyang'anana ndi anzanuwo. Chinanso, musapite mutangoweruka ntchito ya usiku. Ndaonapo anamwino akubwera molunjika kuchokera kuwodi poopa kukhumudwitsa anzawo, ndipo ndi amene amayamba kugwa ulesi ndi kuzizidwa.

Mtsinjewo muupatse ulemu. Gombe lonyowa limagumuka, ndipo madzi a mu Januwale munthu akagweramo mpweya umabanika nthawi yomweyo ngakhale akhale katswiri wosambira wa ku Nkhotakota. Wina akagwera, inu musalumphiremo, imbani 999 n'kumuponyera choti agwire. Madzulo a Lachisanu muone zanyengo ku Met Office, nthambi ya boma yolosera zanyengo, ndi machenjezo a kusefukira kwa madzi ku SEPA, bungwe loteteza zachilengedwe mu Scotland. Wotsogolera wanzeru amaimitsa ulendo kukakhala chenjezo la mphepo yamkuntho, poti m'nkhalango zakalezi nthambi zimagwa. Amene amati tipitebe basi, ameneyo musamutsate. Za kuopa kuti mwina mukulowa m'malo a eni, mtima m'malo. Lamulo la mu 2003 limalola anthu kuyenda pansi pafupifupi paliponse mu Scotland, bola osalowa pabwalo la nyumba ya munthu, osaponda mbewu, ndiponso kusiya mageti monga mwawapezera.

Musanalembetse, afunseni okonzawo kuti ndi makilomita angati, maola angati, masitepe alipo ochuluka bwanji, chimbudzi chili pati, ndipo ulendowo ukathera pafupi ndi siteshoni iti. Poyamba sankhani wosapitirira makilomita 5 kapena 6. Wa ku Blantyre uja ndi wotero, ndipo mukhoza kukathera ku Uddingston n'kukwera sitima kumeneko osabwereranso m'mbuyo. Gulu likanyamuka cha m'ma 10 koloko, mudzafika pa Bothwell Castle dzuwa likadali pamakoma, ndipo pofika 3 koloko mudzakhala muli m'sitima, sokosi zouma kumapazi.